Kufewetsa za kumbuyo pa chithunzi cha mbalame: njira iti ikuyenera chithunzi chiti?

Aliyense amene anayesapo kujambula mbalame m'mphepete mwa Shire, kuyambira pa mlatho wa Bakili Muluzi kutsikira ku Malombe, akudziwa kuti mbalame siganizira wojambula ikamasankha potera. Nkhwazi imatera pa nthambi youma, mutu wake uli mbee, maso ali pamadzi, koma kumbuyo kwake kuli denga la malata limene likunyezimira ndi dzuwa, thandala la usipa, ndiponso ukonde wabuluu umene asodzi ayanika. Mukafika kunyumba n'kutsegula chithunzicho, mumapeza kuti mbalame yatuluka bwino ndithu, nthenga iliyonse ikuwerengeka, koma diso likukana kukhazikika pa iyo chifukwa likukokedwa ndi za kumbuyo. Apa m'pamene ambiri amathamangira kufunsa pulogalamu imene ingachititse kumbuyoko chimbuuzi, ngati kuti mankhwala ndi amodzi okha.

Musanasankhe njira, ndi bwino kuyamba mwadziwa chimene chikusokoneza, popeza pali zinthu zitatu zimene zimaba diso, ndipo mphamvu zake n'zosiyana. Choyamba ndi kuwala: malo owala kwambiri pa chithunzi ndiwo amaonedwa koyamba, kaya akhale akuthwa kapena ambuu. Chachiwiri ndi mtundu wolimba, monga buluu wa ukonde kapena kufiira kwa chigubu chosiyidwa pamchenga. Chachitatu ndi mizere yakuthwa, monga ya bango ndi nthambi zopingasana. Mwa zitatuzi, chimbuuzi chimathetsa chachitatu chokha. Denga la malata mukalichititsa chimbuuzi limangosanduka chibanga choyera chachikulu chimene chimathobwabe m'maso. Njira yosavuta yodziwira vuto ndiyo kuchepetsa chithunzicho pa foni mpaka chikhale ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kenaka n'kutsinzinira pang'ono. Chimene chikuonekabe mutatero ndicho muyenera kulimbana nacho.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi kudula chithunzi m'mbali. Foni iliyonse imatha zimenezi popanda kuikamo pulogalamu ina, ndipo ngati chosokonezacho chili m'mphepete, nkhani imathera pomwepo. Vuto ndi lakuti mbalame zambiri timazijambulira patali, choncho zimakhala kale zazing'ono pa chithunzi. Mukadula theka la m'litali ndi theka la m'lifupi, mwatsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a timadontho timene timapanga chithunzicho, kotero kuti cha mamegapikiselo 24, kutanthauza timadontho mamiliyoni 24, chimatsala ndi mamiliyoni 6. Izi n'zokwanira pa Facebook, koma n'zochepa ngati mukufuna kusindikiza chachikulu chopachika pakhoma. Komanso mbalame imafuna malo kutsogolo kumene yayang'ana, ndiye mukaipanikiza imaoneka ngati yatsekeredwa m'khola.

Njira yachiwiri, imene ine ndimaiona kuti imathandiza zithunzi zambiri kuposa zina zonse ngakhale kuti anthu amainyozera, ndi kuthimbiriritsa za kumbuyo popanda kuzichititsa chimbuuzi. Apa mumasankha kumbuyo kokha, n'kutsitsa kuwala, kuchepetsa kusiyana kwa malo owala ndi amdima, ndiponso kuziralitsa mtundu umene ukukuwa. Mu Snapseed, pulogalamu yaulere ya Google, chida chotchedwa Selective chimachita ntchito imeneyi bwino: mumagunda pa ukonde wabuluu uja, n'kutsina ndi zala ziwiri kuti muone pamene kusinthako kufike, ndipo pulogalamuyo imasankha malo ofanana mtundu ndi pamene mwagunda. Kenaka mumatsitsa Saturation (kulimba kwa mtundu) ndi Brightness (kuwala), ndipo ngati mizere ikuvutabe, mumatsitsanso Structure (kuonekera kwa mizere). Luso limeneli linachokera ku kampani ya Nik Software, imene Google inagula mu 2012, ndipo mpaka lero ndi limodzi mwa zinthu zabwino zimene munthu angapeze osalipira. Mu Lightroom, pulogalamu ina yokonzera zithunzi ya kampani ya Adobe, ntchitoyi ndi yofulumira kwambiri, chifukwa kuyambira 2021 pulogalamuyo imatha kuzindikira yokha chinthu chachikulu pa chithunzi, ndipo mu 2022 anawonjezera kuti izisankhanso kumbuyo kokha mukangodina kamodzi.

Chitsanzo chabwino ndi cha ku Boadzulu, chilumba cha miyala chimene chimaonekera ku Nkopola, kumene mphipi, mbalame zakuda zodya nsomba, zimasonkhana zambirimbiri. Miyala ya kumeneko inayera ndi zitosi, ndipo dzuwa likakwera imawala kuposa china chilichonse. Mbalame yakuda itaima patsogolo pa mwala woterowo imaoneka ngati mthunzi chabe. Palibe chimbuuzi chimene chingathandize pamenepa. Chofunika ndi kutsitsa Highlights, kutanthauza kuwala kwa malo owala kwambiri, pa mwalawo mpaka maonekedwe ake abwerere, ndi kukweza pang'ono mithunzi ya pa mbalame kuti nthenga zioneke. Ubwino waukulu wa njirayi ndi wakuti ngakhale kusankha kwanu kuphonye pang'ono m'mphepete mwa nthenga, woona sazindikira, malinga ngati simunapyoze muyezo. Mukapyoza, mbalame imazunguliridwa ndi mkombero wowala ngati mwezi wa nthawi ya dzinja, ndipo ichi ndi chizindikiro choti mubwerere m'mbuyo. Tinenenso kuti ngati malo owalawo anapsereratu pojambula, osatsala kanthu, kuwatsitsa kumangowasandutsa otuwa ngati phulusa. Fayilo ya RAW, imene ndi chithunzi chosakonzedwa monga kamera yachijambulira, imasunga zambiri m'malo owala kuposa ya JPEG, imene ndi fayilo wamba ya zithunzi, ndiye amene kamera yawo imalola RAW ali ndi mwayi wokulirapo.

Pafupi ndi njira imeneyi pali ina imene ili pakati pa kuthimbiriritsa ndi chimbuuzi chenicheni. Mukasankha kumbuyo mu Lightroom, mumakokera kumanzere Texture, Clarity ndi Sharpness, zida zimene zimasintha kuthwa kwa mizere, chilichonse pang'ono. Bango limakhalabe bango, munthu akhoza kulizindikira, koma mizere yake imasiya kulimbirana diso ndi mbalame. Kwa mpheta zimene zimaluka zisa m'mabango nthawi ya mvula, iyi ndiyo njira imene ndimayamba nayo, chifukwa bangolo ndi mbali ya nkhani ya mbalameyo ndipo kulichotseratu n'kuchotsa mudzi wake. Mwa zitatuzo, Clarity ndiyo yofunika kusamala nayo, popeza ikatsika kwambiri chithunzi chimachita ngati chapakidwa mafuta.

Tsopano tifike pa chimbuuzi chenicheni, pamene pamagona mavuto ambiri. Kuti timvetse chifukwa chake chimbuuzi chopanga chimagwidwa msanga, tiyenera kukumbukira mmene lenzi imachitira. Lenzi sidziwa kuti ichi ndi mbalame, ichi ndi nthambi, imangodziwa mtunda. Chilichonse chimene chili pa mtunda wofanana ndi pamene mwalunjika chimatuluka chakuthwa, ndipo zinthu zimanka zifewa pang'onopang'ono pamene zikutalikira, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Choncho nthambi imene nkhwazi yagwira iyenera kukhala yakuthwa pansi pa zikhadabo, tsamba limene lili mkono umodzi kumbuyo lifewe pang'ono, ndipo migwalangwa ya kutsidya ikhale mbuu kotheratu. Maso a anthu anazolowera dongosolo limeneli ngakhale sangathe kulifotokoza, ndipo likasokonekera amangomva kuti penapake sipali bwino.

Chida cha Lens Blur cha mu Snapseed sichitsata dongosolo limeneli. Chimaika mkombero, kapena mpata wa mizere iwiri, pamene mwasankha, n'kufewetsa zonse za kunja kwake. Koma mbalame si yozungulira. Kakowa ali ndi khosi lalitali ndi miyendo yaitali, ndiye mkombero ukakwanira thupi, mlomo ndi mapazi zimafewa. Mukaukulitsa kuti zonse zilowe, za kumbuyo zapafupi ndi mbalame zimatsala zakuthwa. Pali njira yozembera vutoli. Mumaika chimbuuzi pa chithunzi chonse, kenaka mumatsegula View edits, n'kusankha burashi, ndipo mumapaka ndi chala pamalo okhawo amene mukufuna kuti chimbuuzicho chigwire. Burashiyo ili ndi milingo ya 0, 25, 50, 75 ndi 100, choncho mukhoza kupaka 25 pafupi ndi mbalame, 50 chapatali, ndi 100 kutsidya, kutsanzira mmene lenzi ikanachitira. Ntchitoyi imafuna kudekha ndi kukulitsa chithunzi kwambiri popaka m'mphepete, ndipo chala cha munthu wamkulu pa galasi la foni si chida chosongoka. Kwa mbalame yosalala m'mbali, monga njiwa, zimatheka. Kwa nantchengwa, amene ali ndi nthenga zotuluka kunkhongo, mudzatopa musanakhutire. Komabe n'zaulere, sizidya bandulo mukangoika pulogalamuyo, ndipo zimagwira ngakhale magetsi atazima.

Lens Blur ya mu Lightroom, imene inayamba kupezeka mu 2023, ndi chinthu china ngakhale dzina likufanana. Iyo imayerekeza mtunda wa chinthu chilichonse pa chithunzi, n'kupanga mapu a kuya kwake, ndipo chimbuuzi chimakula motsata mapuwo. Pa chithunzi chosavuta, monga nkhwazi ili pa chitsa ndipo phiri lili patali, zotsatira zake zimakhala zokhutiritsa m'masekondi ochepa. Imalephera pamene zinthu zalukanalukana: bango lodutsa kutsogolo kwa mbalame, mipata ya pakati pa nthenga za phiko lotambasula, kapena kampata ka pakati pa miyendo, kamene kawirikawiri kamatsala kakuthwa pamene kwina konse kwafewa. Muli maburashi awiri okonzera zolakwika, ina yobwezeretsa kuthwa ndi ina yowonjezera chimbuuzi, ndipo n'kofunika kuyatsa Visualize Depth, imene imaonetsa mapu aja, kuti muone mmene pulogalamuyo yaganizira. Mlingo umene imayambira ndi 50, koma pa mbalame ndimaona kuti umakhala wochuluka, ndipo ndimakonda kuutsitsa mpaka chapakati pa 20 ndi 30. Chopinga chachikulu kwathu kuno si luso ayi, koma malipiro, chifukwa pulogalamuyi imalipiridwa mwezi ndi mwezi ndi ndalama zakunja, zimene kuzipeza n'kovuta, ndiponso imafuna kompyuta kapena foni yamphamvu. Kwa munthu amene amagulitsa zithunzi kumalo ogona alendo a ku Cape Maclear kapena ku Monkey Bay, mwina ndalamayo ikhoza kubwerera. Kwa wojambula Loweruka lokha, ndi mtolo wolemera.

Njira imene imapereka ulamuliro wonse ndi yochita pamanja pa kompyuta, mu Photoshop kapena mu GIMP, imene ndi yaulere. Ndi pomwenso ine ndinaphunzirira mwa kulakwa. Tsiku lina m'mwezi wa Julaye, mwera utaleka pang'ono, ndinajambula nkhwazi chakumunsi kwa mlatho, ndipo kumbuyo kwake kunali mabwato ndi anthu ochapa. Ndinakopera chithunzicho kawiri, china pamwamba pa chinzake, n'kupaka Gaussian Blur yamphamvu pa chapansi, kenaka n'kudula mbalame pa chapamwamba. Ndinakondwa nazo mpaka pamene ndinaonetsa malume anga, amene akhala akuwedza pa Malombe kuyambira ndisanabadwe. Anaigwira foniyo patali ndi maso, n'kuiyandikitsa, kenaka anati, “Mphwanga, kodi mbalameyi mwachita kuimata? Nanga utsi woyerawu ukutuluka m'mutu mwake bwanji? Ndiponso yagwira chiyani, poti nthambi sindikuiona?” Zonse zimene ananena zinali zoona. Kuzungulira mutu kunali nthunzi yoyera, kuzungulira mapiko kunali nthunzi yakuda, ndipo zikhadabo zinali lende m'malere chifukwa nthambi ndinaifewetsa pamodzi ndi mabwato.

Nthunzi ija ili ndi chifukwa chake chomveka. Chimbuuzi chimagwira ntchito posakaniza kadontho kalikonse ndi tinzake toyandikana nato. Ngati mbalame idakalipo pa chithunzi chapansi pamene mukufewetsa, kuyera kwa mutu wake kumamwazikira kunja, ndipo mukabwezera mbalame yakuthwa pamwamba, zomwazikazo zimasuzumira m'mbali. Mankhwala ake ndi kuchotsa mbalameyo pa chithunzi chapansi musanafewetse. Mu Photoshop mumaisankha, n'kukulitsa malo osankhidwawo ndi timadontho tochepa, kenaka n'kudzaza malowo ndi Content-Aware Fill, chida chimene chakhalapo kuyambira 2010. Mu GIMP mukhoza kugwiritsa ntchito Clone kapena Heal, kukopera za m'mbali kulowetsa mkati mwa mbalame. Sikofunika kuti kudzazako kukongole, chifukwa kudzafewetsedwa ndiponso kudzabisika pansi pa mbalame yeniyeni. Chofunika n'chakuti mitundu ya mbalame ichoke m'mphepete.

Mukatero, musankhe mtundu wa chimbuuzi. Gaussian Blur imasalaza chilichonse ngati phala, pamene lenzi yeniyeni imasandutsa kunyezimira kwa madzi kukhala timikombero towala tokhala ndi m'mphepete. Pa zithunzi za kunyanja, kumene madzi amanyezimira pafupifupi nthawi zonse, kusiyanaku kumaoneka. Choncho ndi bwino kugwiritsa ntchito Lens Blur, imene ilipo m'mapulogalamu onse awiri, kapena Field Blur ya mu Photoshop, imene imalola kukhoma mapini angapo, lililonse ndi mlingo wakewake, kotero kuti madzi a pansi pa mbalame amakhala pa 0 ndipo chimbuuzi chimanka chikula pokwera cha kutsidya. Izi n'zofunika kwambiri kwa mbalame zoyenda pansi kapena zoima m'madzi, monga kakowa, chifukwa mchenga ndi madzi zimayala kuchokera kumapazi a wojambula mpaka kutali popanda polekezera. Mbalame ya pa nthambi imene kumbuyo kwake kuli kutali ndi yosavuta. Ya pansi ndiyo imayesa luso la munthu.

Chotsalira ndi kanthu kakang'ono kamene ambiri amaiwala. Chithunzi chilichonse chili ndi timchenga tating'ono timene kamera imasiya, makamaka mukajambula m'mamawa ndi ISO yokwera, ndiko kuti mwakweza mphamvu ya kamera yogwira kuwala kochepa. Chimbuuzi chimafufuta timchengato kumbuyo, pamene pa mbalame tidakalipo, ndipo zotsatira zake n'zakuti mbalame imaoneka yokhakhala pa kumbuyo kosalala ngati pulasitiki. Kuwaza timchenga pang'ono pa malo ofewetsedwa, mpaka afanane ndi a pa mbalame, kumalumikizanso ziwirizo. Kumatetezanso ku vuto lina: fayilo ya JPEG ili ndi milingo 256 yokha ya kuwala pa mtundu uliwonse, choncho malo osalala kwambiri, monga thambo kapena madzi ofewetsedwa, amayamba kuonetsa mizeremizere ngati makwerero. Njira yapamanjayi ikhoza kudya ola lathunthu pa chithunzi chimodzi, ndiye si ya zithunzi zonse zimene mwabwera nazo ku ulendo. Ndi ya chimodzi chija chimene simungachipezenso.

Palinso mapulogalamu amene amachotseratu kumbuyo n'kuikapo kwina, kapena kupanga kwatsopano ndi nzeru za makina. Sindikhalitsapo, chifukwa chotulukacho sichikhalanso chithunzi cha mbalame imene munaiona pa malo amene munaiona. Nayonso Portrait ya pa foni, imene imafewetsa yokha za kumbuyo pojambula, sithandiza kwenikweni, popeza inapangidwira nkhope za anthu oima pafupi, mamita awiri kapena atatu, ndipo palibe nkhwazi imene ingakuloleni kufika pamenepo.

Kumene chithunzi chikupita kumathandizanso kusankha. Mipikisano ikuluikulu ya zithunzi za nyama zakutchire, monga Wildlife Photographer of the Year umene umayendetsedwa ndi Natural History Museum ku London, imalola kudula m'mbali ndi kukonza kuwala, koma siilola kuwonjezera kapena kuchotsa zinthu, ndipo oweruza amaitanitsa fayilo yoyambirira kuti afananize. Kudula ndi kuthimbiriritsa mosapyoza muyezo kukhoza kudutsa, koma chimbuuzi chopanga n'chokayikitsa, ndipo ndi nzeru kuwerenga malamulo a mpikisano uliwonse musanatumize. Chimodzimodzinso ngati chithunzicho ndi umboni wa mbalame imene mwaiona, monga zimene anthu amaika pa eBird, tsamba la pa intaneti lolembapo mbalame zimene aona: kumeneko bango, matope ndi mtengo umene mbalame yaterapo zimathandiza ena kudziwa malo amene imakonda, choncho kukonza kuzikhala kochepa. Koma ngati ndi chopachika m'chipinda chochezera kapena choika pa kalendala, palibe choletsa kufewetsa, bola osanama wina akafunsa.

Pomaliza pa njira zonse pali imene imachitika musanadine batani, ndipo ndaiika kuno dala chifukwa sithandiza chithunzi chimene chajambulidwa kale. Zinthu zinayi zimafewetsa kumbuyo mwachilengedwe: kutsegula lenzi kwambiri, mwachitsanzo f/5.6 m'malo mwa f/11, poti nambalayi ikachepa bowo la lenzi limakula. Lenzi yaitali, monga ya 300mm kapena 400mm. Kuyandikira mbalame popanda kuidzidzimutsa. Ndi kutalikirana kwa mbalame ndi zimene zili kumbuyo kwake. Chachinayichi sichifuna ndalama. Kakowa mukamujambula mutaima, kumbuyo kwake kumakhala matope amene ali pafupi naye, ndipo amatuluka akuthwa. Mukagwada kapena kugona chafufumimba pamchenga mpaka kamera ifanane ndi diso lake, kumbuyo kumakhala tsidya lina la mtsinje, limene lili kutali, ndipo limasungunuka lokha. Kusuntha mapazi awiri kumanja kukhoza kuchotsa denga la malata kumbuyo kwa mutu wa nkhwazi n'kuikapo mthunzi wa mtengo. Pogona pansi m'mbali mwa Shire pamafunika kusamala, chifukwa ng'ona ndi mvuu zilimo, ndipo ndi bwino kufunsa asodzi a pa dooko malo amene ali otetezeka.

Chithunzi cha nkhwazi chija ndinachibwereranso patapita masiku. Ndinayamba ndi kudula mbali ya kumanzere kumene kunali anthu ochapa, kenaka ndinatsitsa kuwala kwa mabwato ndi kuziralitsa utoto wawo, ndipo nditafika pamenepa ndinaona kuti vuto lalikulu latha kale. Chimbuuzi ndinaika chochepa, kutsidya kokha, nthambi n'kuisiya yakuthwa kuyambira ku zikhadabo mpaka kumene imathera. Potumiza kwa malume pa WhatsApp ndinachitumiza ngati Document, chifukwa chikapita ngati chithunzi wamba chimapanikizidwa, ndipo malo ofewa aja ndiwo amayamba kuchita mabangamabanga.